Mwamuna Amene Analetsa Odi pa Nsaru

M'mawa uliwonse, asanatsegule loko wa shopu yake, Alick Chikadza amaima pakhonde n'kutulutsa dzira laliwisi m'thumba la jekete. Amaliboola ndi kiyi, n'kulimwa ali chiimire. Akatero amachukucha kukhosi ndi madzi amchere, nkhope itayang'ana kudenga, kenako amalavulira m'ngalande. Ngalandeyo imadutsa pafupi ndi mwendo wa makina anga osokera. Chigoba cha dzira amachisiya pomwepo, ndipo pofika masana chimakhala chitada ndi nyerere. Akuti dzira limasalaza mawu, ndipo mawuwo ndiye khasu lake.

Ine ndimasoka pakhonde la shopuyo, pa Nsaru, moyang'anana ndi chiwaya cha a Nicholas. Khonde ndi langa, chipinda ndi cha Alick, mwini nyumba ndi mmodzi. Sindine wolankhulalankhula, ndipo mwina n'chifukwa chake takhalitsana.

Alick anabadwira kuseri kwa Nsaru komweku, m'banja la alimi a fodya. Bambo ake ankafuna kuti mwana mmodzi yekha asadzade manja ndi utomoni wa fodya, ndiye anamuphunzitsa mpaka Folomu 4. Atamaliza anapita ku Lilongwe, kumene anagwira ntchito m'kashopu kena kotayipa makalata. Anabwerako ndi kompyuta yakale ya patebulo ndi pulinta. Anthu anamulandira bwino. Aphunzitsi ankabwera ndi mayeso oti awatayipire, a komiti ya tchalitchi ndi mapulogalamu a ukwati, a kabaza ndi mamemori oti awaikire nyimbo. Masiku amenewo ankatayipa ndi zala ngati munthu wina aliyense, uku akuseka ndi makasitomala. Anakwatira Esinati, mtsikana wa kumbali ya Kabudula, ndipo anabereka mwana wamwamuna, Pemphero.

Dzinja lina anagwa pa njinga yamoto m'matope, n'kuthyoka dzanja lamanja. Kuchipatala anamuika chikhakha. Ntchito inaima, makasitomala anayamba kupita kwa wina wa kutsidya kwa msika. Pofufuzafufuza ndi dzanja lamanzere, Alick anapeza kuti kompyuta yake imatha kumva mawu a munthu. Anagula mahedifoni okhala ndi kamaiki kopindikira kukamwa, n'kuyamba kuiwerengera ziganizo tsiku ndi tsiku kuti izolowere mawu ake. Imamva Chingerezi chokha, ndipo Chingerezi chathu cha kusekondale ya kuno sinkachilabadira. Ndiye anaphunzira kupotoza milomo ndi kutulutsira mawu m'mphuno mpaka inayamba kumumvera.

Poyamba ndinamulemekeza. Munthu wa dzanja limodzi ankakhala pampando n'kulamula, zinthu n'kumachitika. Akati tsegula chakuti, kawindo kankatulukira pasikirini. Akati chepetsa, kankatsikira pansi n'kubisala. Akati sinthira ku nyimbo, kawindo ka nyimbo kankabwera pamwamba pa tinzake. Pakakhala batani losowa dzina, ankati sonyeza manambala, ndipo batani lililonse linkavala nambala yake, iye n'kungotchula imene akufuna. Tsiku la msika anthu ankadzaza pazenera kudzaonerera. Mayi wina wogulitsa mtedza anafunsa ngati chinthucho chimadyanso.

Chikhakha chinachotsedwa, dzanja linachira bwinobwino, koma Alick sanabwererenso pa kiyibodi. Anaikankhira kukona, pomwe pano yachita fumbi ndi ndowe za mphemvu. Manja aja, atasowa chochita, anapeza ntchito ina. Tsiku lonse amadya. Kanyenya, nkhumba ya pachiwaya, nzimbe, mango nyengo yake ikafika. Amalamula kompyuta chakudya chili m'kamwa, ndipo zonse zothawa m'kamwamo zimagwera pa kasiponji kokuta maiki. Kasiponjiko kanali kakuda pogula. Pano kali ndi mtundu wosadziwika, konyowa nthawi zonse, komata timinofu ndi njere za tsabola. Akavula mahedifoni, ntchentche zimaterapo ngati pa msika wa usipa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuuza kuti ndingathe kumusokera kansalu kokutira, kochapika. Anati ayi, makina anazolowera kumva mawu ake kudzera m'kasiponji kameneko, ndipo kakachapidwa adzamusokonekera.

Ntchito nayo inachepa liwiro. Kalata imene kale ankaitayipa munthu ali chiimire tsopano imatenga m'mawa wonse, chifukwa kompyuta ikalakwitsa amayenera kuiuza kuti fufuta, bwerera, sankha mawu akuti, konza. Iye sakuona vuto. Akuti bwana weniweni sagwira ndi manja.

Vuto analipeza mwa anthu. Kamaiki kaja sikasankha mwini mawu. Munthu akafika pakhomo n'kunena kuti odi, kompyuta imamvanso, nthawi zina n'kutsegula zosafunika kapena kulemba zopanda mutu pakati pa kalata. Ndiye Alick anaika lamulo: m'shopu mwake mulibe odi, mulibe moni. Munthu azingolowa, akhale pabenchi, adikire. Wina akayamba kutsegula pakamwa, Alick amakweza chikhatho chamafuta m'mwamba osatembenuka, ngati wapolisi woimitsa minibasi. Ndaona aphunzitsi aakulu akumeza moni wawo pakati. Ndaona gogo wina akutuluka chobwerera m'mbuyo n'kundinong'oneza kuti, "Kodi muno mwagwa zovuta?"

Koma ine, pokhala pakhonde tsiku lonse, ndikudziwa kanthu kamodzi. Pali mawu awiri amene akawanena kompyuta imagona, osamvanso chilichonse mpaka ataidzutsa. Amati leka kumvera, basi. Sizitenga mpweya umodzi. Mawu amenewa amawanena a Nicholas akamubweretsera mbale ya tchipisi.

A Nicholas ndi amene amanena zimene tonse timaganiza. Akamadutsa pakhonde amandifunsa motsitsa kuti, "Atelala, mkazi wamkulu wadzuka bwanji m'katimo?"

Mkazi wamng'ono, m'mawu a a Nicholas, anali Esinati. Ankakonda kubwera kwa ine ndi timalaya ta Pemphero toti ndichepetse kapena kuikamo lasitiki, n'kukhala pamkeka pambali panga. Tinkacheza monong'ona chifukwa cha lamulo la m'katimo.

"Asisi, kunyumba nakonso ndi chimodzimodzi," anandiuza tsiku lina. "Dzina langa analiiwala. Amangoti, madzi. Tseka. Chotsa. Ndikachedwa amabwereza mawu omwewo mokweza, osawonjezera kalikonse, ngati mmene amachitira ndi chinthu chawocho chikapanda kumva."

"Simuwayankha?"

"Ndinawauza kuti ine ndinabadwa, sanandigule ku Lilongwe. Anandikwezera chikhatho."

Loweruka ndi Lamlungu Alick ankanyamula kompyuta kupita nayo kunyumba kuti isamuiwale. Pemphero akalira, Esinati ankayenera kuthamanga naye kuseri kwa bafa mpaka atatonthola. M'mawa wina wa mu Juni mwanayo anadzuka ndi chifuwa, thupi likutentha, kunja kuli chisanu choluma. Atayamba kutsokomola, bambo ake analoza chitseko ndi chala. Esinati anatuluka naye monga mwa masiku onse, koma sanaime kuseri kwa bafa. Anapitirira mpaka kwa amayi ake ku Kabudula.

Ankhoswe anaitanitsa zokambirana kangapo. Alick sanapiteko. Ankatuma mawu akuti ali ndi ntchito ya mayeso, kapena kuti ali ndi chimfine ndipo sangawononge mawu ndi fumbi la m'njira. Mapeto ake akuluakulu anachita chinthu chimene kawirikawiri sachita: anagwirizana zomutsatira mwana kumene ali. Uthenga unafika woti Lachinayi abwera kushopu a Zikani, atsibweni a Esinati amene ndi nkhoswe yake, pamodzi ndi a Gladson, akulu ake a Alick, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna.

Lachitatu madzulo, ndikupinda nsalu, Alick anaima pakhomo akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Atelala, mawa makina anuwo mupumitse. Kubwera alendo."

"Ndamva."

"Anthu aja amandiyesa kamnyamata kotayipa. Mawa aona okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi wolima mtedza. Akaona, nkhani yonse itha yokha."

Lachinayi anabwera atamanga tayi. Anapukuta sikirini ndi mpango mpaka kuwala, koma kasiponji sanakakhudze.

Alendo anafika dzuwa litakwera pang'ono. Patsogolo panali a Zikani, munthu wamtali woonda, wa jekete yotuwa ndi chipewa, mlimi wa fodya wa zaka zambiri. Pambuyo pawo a Gladson, akukankha njinga yakapalasa. Kumapeto Esinati, mwana kumbuyo, chikwama chachikulu cha mizeremizere pamutu. Anatula chikwamacho pafupi ndi makina anga n'kukhala pamkeka.

"Katundu ndabwera naye," anandinong'oneza. "Atsibweni ati akangowalandira ngati munthu, n'kumva zimene abwerera, ndibwerera kunyumba lero lomwe. Kwathu nakonso asisi n'kothina, azilamu ayamba kuwerenga mbale. Ndipo mwanayu amawafunsa bambo ake."

A Zikani anaima pakhomo, anavula chipewa, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Odi kuno."

Chikhatho chinakwera.

A Gladson anasuzumira. "Alick, ndi apongozi awa."

Chikhatho chinatsika, chala chimodzi n'kupita pamlomo. Kenako chalacho chinaloza benchi. Nkhope sinatembenuke.

Akuluakulu awiriwo anayang'anana, n'kulowa. Anakhala pabenchi, a Zikani chipewa pabondo. Kwathu kuno mlendo sayamba nkhani. Amakhala pamene wapatsidwa, mwini pakhomo amabwera, amatsika pang'ono, amapereka moni, amafunsa za kumudzi, ana, odwala, kenako ndi pamene amati, mwatiyendera. Mlendo asanafunsidwe chotero sangatule chimene wasenza, makamaka nkhoswe, makamaka kwa mkamwini. A Zikani anakhala kudikira moni wawo.

Alick anayamba. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkaona msana wake ndi theka la sikirini. Anatsegula kawindo ka makalata, n'kukakulitsa mpaka kudzaza sikirini, n'kukachepetsa. Anatsegula ka nyimbo. Anatsegula ka zithunzi, n'kuitana chithunzi cha ukwati wake, iye ndi Esinati ataima pakhomo la tchalitchi, n'kuchikulitsa, n'kuchitembenuza chammbali, n'kuchibwezeretsa. Anauza timawindo tonse kuti tibisale, tonse tinabisala. Anatiitananso kamodzikamodzi. Mawu ankatulukira m'mphuno, olemera kuposa masiku onse, ndipo akamaliza lamulo lililonse ankapendeketsa mutu pang'ono kuti aone ndi ngodya ya diso ngati alendo akuona.

A Zikani sankayang'ana sikirini. Ankayang'ana pansi, pakati pa nsapato zawo zamatayala. A Gladson ankasisita mawondo, thukuta likutsika m'khosi. Panja Pemphero anali atagona. Esinati ankapota ulusi umene anatola pansi, kuukulunga pachala n'kuumasula.

Dzuwa limene linali pakhomo linakwawa mpaka kufika pamiyendo ya benchi.

Ndiye a Nicholas anawoloka msewu ndi mbale ya tchipisi, monga amachitira nthawi imeneyo tsiku lililonse. Ataona amene ali pabenchi anazengereza pakhomo, koma fungo linali litalowa kale. Alick ananena mawu awiri aja. Kompyuta inagona. Anakankhira kamaiki pamphumi n'kutembenuza mpando.

Esinati anandigwira mkono. A Zikani anawongola msana, anaika chipewa pabenchi, n'kukonza manja kuti alandire moni.

"A Nicholas, kabichi mwayamba kuumira bwanji masiku ano?" anatero Alick. "Dzulonso munachita zomwezi. Tsabola ali kuti?"

"Ali pansi, bwana. Koma muli ndi alendo, eti?"

"Ndawaona."

Analandira mbale, anatembenuzanso mpando, anatsitsa kamaiki, n'kuuza kompyuta kuti yamba kumvera. Anatapa tchipisi ndi zala zonse zisanu. Lamulo lotsatira linatuluka pamodzi ndi kachidutswa ka kabichi, kamene kanakakamira pa kasiponji n'kumalendewera pamenepo akulankhula.

Manja a a Zikani anakhala m'malere kwa kanthawi, kenako anabwerera pamawondo. Ine ndinayang'ana kumsewu.

Patapita nthawi pang'ono a Zikani anatsokomola. Ndi chifuwa cha anthu amene akhalitsa m'zigafa za fodya, chouma, chosamva kuletsa. Anayesa kuchitsekera m'chipewa koma chinatuluka ndithu. Pasikirini kawindo kena kanatseguka kosaitanidwa, n'kuphimba chithunzi cha ukwati.

Alick anatsonya.

Anatsonya motalika, mano ali pamtunda, monga umachitira nkhuku ikalowa m'nyumba. A Gladson anatseka maso. A Zikani anaimirira pang'onopang'ono, anayang'ana kumsana kwa mpando, n'kuomba m'manja mofewa kwambiri, mmene munthu amatsanzikira pamalo pamene sakufuna kudzutsa wodwala. Anavala chipewa n'kutuluka.

Pakhonde anaima patsogolo pa makina anga n'kuvulanso chipewa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Ndinagwada. "Ndaswera bwino, kaya inu agogo?"

"Taswera. Kunyumba ali bwanji? Makolo alipo?"

"Alipo, ali bwino."

"Zikomo. Ntchito ikuyenda?"

"Pang'onopang'ono."

"Ndi mmene imayendera." Ananena zonsezi ndi mawu athunthu, osanong'ona, oyamba kumveka chotero pakhondepo kwa miyezi yambiri.

Mawuwo anadzutsa Pemphero. Anayamba kulira, ndipo dzanja la Esinati linathamangira lokha kukamwa kwa mwanayo, maso ake ali kuchitseko cha shopu. A Zikani anaona.

"Chotsa dzanjalo."

"Atsibweni, asokoneza..."

"Ndati chotsa. Muleke alire. Ndi mwana wa munthu."

Esinati anachotsa dzanja. Pemphero analira ndi mphamvu zake zonse. M'katimo tinamva Alick akubwereza lamulo limodzi mokweza, kenako mokwezanso.

"Senza chikwama," anatero a Zikani.

"Mwina akamaliza, atsibweni. Mwina tidikire pang'ono."

"Mwana wanga, ndinauzidwa zambiri ndipo ndinkati umawonjezera. Lero ndakhala pabenchi ndekha. Tiye."

A Gladson anatuluka atagwira chipumi. "Apongozi, ndilibe mawu."

"Musavutike, a Gladson. Inu munandipatsa moni panjira."

Ndinamuthandiza Esinati kusenza. Chikwamacho chinali cholemera, munali mapoto ndi mbale zochokera kwa amayi ake. Sanalire. Anangondiuza kuti kabudula wa mwana amene anasiya kwa ine ndidzamupatsire wa kabaza aliyense wopita ku Kabudula. Anatsika khonde, mwana akulirabe kumbuyo, mpaka anakhota pa chigayo.

Alick anatuluka mbale itatha, akunyambita zala.

"Apita? Osanena kanthu?"

Ndinatola ulusi umene Esinati anasiya pamkeka.

"Anthu akumudzi ndi ovuta. Munthu wayenda mtunda wonsewo, n'kungokhala duu ngati chitsa. Akanakhala ndi nkhani akananena. Koma aona, eti? Chithunzi chija achiona?"

"Amadikira moni," ndinatero. 

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. "Moni amapatsana tsiku lililonse, atelala. Ngakhale woledzera amapereka moni. Zimene ndawaonetsazi akazionanso kuti?"

Chakumadzulo a Gladson anabweranso okha. Sanalowe. Anaima pakhomo n'kulankhula mokweza, chikhatho chili m'mwamba osachilabadira. Anati a Zikani anena kuti banja latha, ndipo Loweruka atuma anthu kudzatenga zotsala za mwana wawo. Anatinso iwo eni, a Gladson, unkhoswe autula, Alick akafune wina. Alick anayankha kuti amuwonongera kalata ya kasitomala, tsopano ayenera kufufuta ndime yonse.

M'mawa mwake anafika ndi mtolo kukhwapa. Anaumasula pamwamba pa makina anga, pa nsalu ya yunifolomu ya mwana wa eni ake. Munali chitenje cha Esinati, chimene anavala pa chinkhoswe chawo, ndi bulangeti la Pemphero la tiabakha tachikasu, lonunkhabe mafuta a mwana.

"Mundilumikizire izi, bulangeti kumbuyo, chitenje kutsogolo. Ndikufuna katani yolemera ya pakhomo. Dzulo ndaona kuti phokoso la pakhonde limalowa kwambiri."

"Izi si azidzatenga Loweruka?"

"Atenga mapoto. Izi ndinagula ndine."

Ndinamuuza kuti ulusi wandithera. Ulusi unali pamakina, akuuona. Anagwedeza mapewa, anatola mtolo wake, n'kupita kwa a Nicholas kukapempha zotsekera mabotolo. Anabwera nazo zodzaza dzanja, ndi misomali, ndi mwala wa m'ngalande. Anakwera pabenchi lija, anaphatikiza chitenje ndi bulangeti, n'kuyamba kukhomerera pa felemu ya chitseko, msomali uliwonse ukuboola chotsekera, chitenje ndi bulangeti pamodzi. Pakona imodzi nsalu inang'ambika, ndipo anangoipinda n'kukhomanso. Atatsika anaikoka kuti aone ngati yalimba, anaipatula ndi phewa, n'kulowa.